Mota zaima pakhonde: zida zosinthira zatsekeredwa kuti?

"Zikubwera sabata yamawa." Awa ndiwo mawu amene eni njinga zamoto akumva kawirikawiri m'mashopu a zida zosinthira, zomwe ena amati masipeya, ena mapesa, kuyambira ku Ulongué, Domué ndi Tsangano mpaka ku Furancungo ndi Zóbuè. Munthu amafika ndi chitsulo chakutha m'manja, wogulitsa n'kuchitembenuza uku ndi uku, kenako n'kupukusa mutu. Ena amauzidwa kuti asiyeko ndalama, adzatenge katundu akafika. Sabata imatha, ina n'kubwera, mota ili pakhonde yofunditsidwa chiguduli.

Ambiri akuloza chala ogulitsa, amvekere akubisa katundu kuti mitengo ikwere. Ochita zimenezo sangalephere kupezeka. Koma mukatsata ulendo wa tcheni imodzi kuchokera kufakitale mpaka kufika pamsika wa kwanu, mupeza kuti mfundo yamangika kutali ndi shopu. Yamangika kubanki, pamzere wodikira madola, ndipo pamzere umenewo zida za mota zaima kumchira. Chinanso n'chakuti ife a m'malire tinazolowera kukhala ndi makomo awiri ogulira zinthu, la kwathu ndi la ku Malawi. Lina likatsekeka tinkadzera linalo. M'zaka zapitazi makomo onse awiri akhala akuthina nthawi imodzi.

Wina angaione nkhaniyi ngati ya anyamata a mototaxi okha, a kabaza monga amanenera anzathu a ku Malawi. Si choncho. M'maboma athu mota yalowa m'malo mwa ngolo, basi ndi ambulansi. Ndiyo imatsitsa matumba a mbatatesi kumapiri a ku Tsangano kumene galimoto silifika mvula ikagwa. Ndiyo imathamangitsa tomato ndi kabichi kumsika zisanafote, n'kubwerako ndi thumba la feteleza. Alangizi a zaulimi ndi a fodya amayendera yomweyo. Mayi woyembekezera matenda akamuyamba usiku kumudzi wakutali ndi chipatala, abale amakagogoda pakhomo pa mwini mota. Ndiye mota imodzi ikaima milungu itatu chifukwa cha kachitsulo kokwana m'thumba la malaya, amene waima si mwini wake yekha. Tomato sadikira.

Tiyambe ndi kumene zidazi zimachokera. Pafupifupi chilichonse chili pa mota yanu chinawoloka nyanja. Boxer imapangidwa ndi kampani ya Bajaj ya ku Pune m'dziko la India. TVS nayonso ndi ya ku India. Lifo, Lifan, Haojue ndi mitundu ina yambiri ndi ya ku China, makamaka mumzinda wa Chongqing ndi m'chigawo cha Guangdong. Katundu wa chigawo chathu cha Tete nthawi zambiri amatsikira padoko la Beira, loyendetsedwa ndi Cornelder de Moçambique, ndipo si kawirikawiri kuti sitima ichoke ku China n'kulunjika ku Beira. Makontena amayamba atsitsidwa padoko lina panjira kudikira sitima yaing'ono, motero ulendo wa pamadzi wokha umatha mwezi kapena iwiri. Akafika pamakhala za alfândega, zomwe zimadzera pa Janela Única Electrónica, ndi misonkho, kuphatikizapo IVA yomwe yakhala pa 16 peresenti kuyambira Januwale 2023. Kenako lole imagwira msewu wa N6 kudzera ku Inchope ndi Chimoio, n'kukhotera mu N7 pa Vanduzi, kudutsa Catandica ndi Changara, makilomita pafupifupi 600 kuti ifike mumzinda wa Tete. Kuchoka apo kwatsalabe makilomita oposa 200, kudzera ku Moatize ndi pamphambano ya Mussacama, kuti katundu aoneke ku Ulongué. Zonse zikayenda bwino popanda chopinga, miyezi itatu kuchokera tsiku loitanitsa si yachilendo.

Koma ulendo wonsewo suyamba ngati fakitale sinalandire ndalama, ndipo fakitale ya ku China kapena ku India silandira metikali. Woitanitsa katundu amatenga pepala la mtengo kupita nalo kubanki yake, n'kupereka mametikali, n'kupempha banki kuti imulipirire m'madola. Kale zimenezi zinkatha m'masiku ochepa. Kuyambira 2023 zinayamba kuchedwa, ndipo zifukwa zake zimadziwika.

Chaka chimenecho Banco de Moçambique, pofuna kuchepetsa kukwera kwa mitengo ya zinthu, inakweza kwambiri gawo la ndalama zimene mabanki amakakamizidwa kusungitsa kubanki yaikulu. Chaka chikuyamba gawolo linali 10.5 peresenti pa mametikali ndi 11.5 peresenti pa ndalama zakunja. Pofika pakati pa chaka linali 39 ndi 39.5 peresenti. Kunena mosavuta, pa madola 100 aliwonse amene makasitomala anasungitsa kubanki, pafupifupi 40 ankakagona kubanki yaikulu osagwira ntchito. M'chaka chomwecho banki yaikulu inaleka kuthandiza kupereka madola olipirira mafuta a galimoto ochokera kunja. Makampani a petulo ndi dizilo, omwe amafuna madola mamiliyoni ambirimbiri mwezi uliwonse, anabwera kudzaima pamzere umodzimodzi ndi wina aliyense. Tangoganizani, inu muli ndi kandowa pamjigo, kutsogolo kwanu kwafika munthu ndi migolo makumi awiri.

Pa nthawi yonseyi mtengo wa dola pabolodi la banki sunasunthe. Kuyambira 2021 wakhala pafupifupi mametikali 64. Zimenezi zili ndi ubwino wake, chifukwa zathandiza kuti mitengo ya zinthu zina isathamange monga yathamangira kwa anzathu. Koma chinthu chikamachepa mtengo wake uli pomwepo, chimene chimatalika ndi mzere.

Kenako panabwera zina zowonjezera moto. Chilala cha El Niño cha nyengo ya 2023 ndi 2024 chinachepetsa zokolola, madzi m'damu la Cahora Bassa n'kutsika kwambiri. Mtengo wa malasha pamsika wa dziko lonse unatsika poyerekeza ndi mmene unalili mu 2022. Zionetsero zimene zinatsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 zinatseka misewu, zinaimitsa kangapo chipata cha Ressano Garcia, zinasokoneza ntchito padoko la Maputo, ndipo mashopu ndi nyumba zambiri zosungiramo katundu zinathyoledwa kapena kutenthedwa. Wamalonda amene waona katundu wa mnzake akupsa saitanitsa kontena mawa lake. Miyezi imene anthu sanaitanitse ija inadzaonekera pambuyo pake, pamashelefu opanda kanthu.

Mu Febuluwale 2025 bungwe la amalonda la CTA linanena poyera kuti makampani 63 anali ndi mapepala a katundu wa madola 373 miliyoni amene mabanki anali asanalipire. Bwanamkubwa wa Banco de Moçambique pa nthawiyo, a Rogério Zandamela, ankanena kuti dziko silikusowa ndalama zakunja, ndipo n'zoona kuti nkhokwe ya banki yaikulu inali ndi madola oposa 3 biliyoni. Mbali zonse ziwiri zikhoza kunena zoona. Nkhokwe ya kwa mfumu ikhoza kudzaza pamene m'nyumba za anthu mulibe ufa. Ndipo zimene banki yaikulu inachita m'chaka chimenecho zikusonyeza kuti dandaulo linamveka: mu Januwale 2025 inatsitsa gawo losungitsa lija kufika pa 29 ndi 29.5 peresenti, ndipo mu Epulo inalamula kuti ogulitsa katundu kunja azisintha theka la madola awo kukhala mametikali, pamene kale ankasintha 30 peresenti. Awa ndi madzi othiridwa kumtunda kwa ngalande. Amayamba kumwa ndi a minda yakumtunda, ndiye kuti mafuta, tirigu, mpunga, mankhwala ndi makampani akuluakulu amene banki imawadziwa dzina. Woitanitsa matcheni ndi mabuleki ali kumunsi.

Pano pali chinthu chowawa kwa ife a ku Tete. Malasha a ku Moatize, magetsi a ku Cahora Bassa ogulitsidwa ku South Africa, ndi fodya wolimidwa ku Angónia, Macanga ndi Chifunde ndi zina mwa zinthu zobweretsa madola m'dziko muno. Fodya ameneyo amachoka m'midzi atamangidwa kumbuyo kwa mota. Koma madola ake akabwera, mota imene inamunyamula ilibe pomwe yalembedwa.

Wamalonda wamng'ono amene watopa kudikira amapita kwa osintha ndalama a pamsewu, ngakhale lamulo sililola. Tiyerekeze chabe, kuti muone mmene masamu ake amayendera. Ali ndi mametikali 128,000. Kubanki, pa 64, akanapeza madola 2,000. Ngati wa pamsewu amuuza 80, apeza madola 1,600. Madola 400 asowa katundu asananyamuke n'komwe. Adzawabweza pokweza mtengo, kapena pogula zida zotchipa zosalimba, ndipo nthawi zambiri amachita zonse ziwiri.

Izi zikufotokozanso chinthu chimene ambiri mwachiona: sizinthu zonse zikusowa. Pulagi, chubu, babu, chingwe cha kilatchi, izi mumazipeza, kungoti zadula. Zimene zikusowa ndi za m'kati ndi zamagetsi, monga kiranki, magiya, koyilo, kabokosi ka CDI, silinda ndi pisitoni ya saizi yake. Munthu amene wapeza madola ochepa amagula zimene zituluke m'sabata imodzi, osati chitsulo chimene chingakhale pashelefu miyezi isanu ndi umodzi kudikira mwini wake. Woitanitsa wamkulu nayenso akapatsidwa theka la madola amene anapempha, amadzaza kontena ndi mota zatsopano, chifukwa phindu lili pamenepo. N'chifukwa chake mungathe kuona mota zonyezimira zitandandalikidwa pakhomo pa shopu, koma m'kati mulibe giya ya mota ya mtundu womwewo imene munagula pomwepo chaka chatha.

Nanga khomo la ku Malawi? Kwa zaka zambiri mlimi wa ku Angónia kapena Tsangano ankagulitsa mbatatesi, nyemba kapena tomato pamisika ya m'malire monga Lizulu, n'kugwiritsa ntchito makwacha omwewo kugula tayala kapena tcheni ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Lilongwe. Kwa munthu wa ku Calómuè, Lilongwe ali pafupi kuposa mzinda wa Tete. Ambiri mwa masipeya a m'mashopu a ku Malawi amadzera ku Dar es Salaam, kumsika wa Kariakoo, n'kulowera pa Songwe. Choncho ngakhale Beira ikanavuta, njira ya kumpoto inkatipulumutsa.

Tsopano Malawi ali m'mavuto a ndalama zakunja oposa athu. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu 2025 kubanki dola linali pa makwacha pafupifupi 1,750, koma pamsewu linafika poposa kawiri mtengo umenewo, ndipo amalonda ang'onoang'ono a masipeya amagula la pamsewulo. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anachita zionetsero chifukwa mtengo wa mabelo unkasintha pafupipafupi, ndipo matenda a kaunjika ndi omwewo a masipeya. Mwezi wotsatira boma la Malawi linaletsa kulowetsa katundu wina wakunja, mbatatesi ili pamndandanda, zimene zinadzetsa mkangano ndi Tanzania mpaka malonda a pa Songwe kusokonekera masiku angapo mu Epulo. Zipolowe za chisankho cha ku Tanzania kumapeto kwa Okutobala 2025 zinaimitsanso malole panjira yomweyo. Zotsatira zake n'zakuti makwacha amene mlimi walandira lero sagula tayala limene akanagula mwezi watha, ndipo pena mtsinje wayamba kuyenda chobwerera: anzathu a ku Malawi akuwoloka kudzafuna zida kuno, pamashelefu omwe ndi ochepa kale.

Chipata cha Dedza ndi Calómuè, chomwe atsogoleri a mayiko awiriwa anachitsegulira mu Juni 2025 kuti mapepala onse azithera malo amodzi, chithandiza kufupikitsa nthawi yodikira. Koma pa nkhani ya masipeya tisayembekezere zambiri. Mapangano ochotserana misonkho a m'chigawo cha SADC amakhudza katundu wopangidwa m'mayiko a m'chigawomo. Tcheni yopangidwa ku Chongqing imakhalabe ya ku China ngakhale igulidwe ku Dedza, ndipo ikawoloka mochuluka imalipiranso. Ndicho chifukwa zambiri zimadzera m'tinjira ta kutchire, m'zikwama, zochepazochepa, ndipo malonda otero sangadzaze shopu.

Pali vuto lina lomwe si la banki, ndi lathu lomwe. Mitundu ya mota m'misika mwathu yachuluka kwambiri. Wamalonda aliyense wobweretsa kontena amabwera ndi dzina lake pathanki, chaka chamawa dzinalo osaonekanso. Mwayi wake ndi wakuti injini zambiri za ku China za 125 ndi 150 zinatengera Honda CG125, yomwe inatuluka mu 1975, choncho zida zake zambiri zimalowana ngakhale maina asiyane. Koma sizonse. Injini ina imatsegula mavavu ndi timitengo tachitsulo, ina ndi katcheni ka m'kati, ndipo zida za ziwirizi sizigwirizana. Za Boxer kapena TVS nthawi zambiri sizilowa pa ya ku China. Ngakhale tcheni ili ndi nambala: mota zambiri za 125 ndi 150 zimayendera 428, timota tating'ono 420. Wogulitsa wa mpamba wochepa sangasunge zida za mitundu khumi ndi iwiri. Ndipo kangapo chida chimene munthu wadikira mwezi wathunthu chimafika chosalowa, chifukwa anaitanitsa potchula dzina la pathanki m'malo mwa nambala ya injini. Amakaniko odziwa ntchito amauza makasitomala awo kuti azinyamula chitsulo chakalecho, kapena kutumiza chithunzi chake ndi nambala yolembedwa pa injini. Ndi malangizo otchipa koma amapulumutsa milungu.

Amene akuganiza zogula mota akagulitsa soya kapena fodya angachite bwino kuyamba ayenda m'mashopu a masipeya asanapite kumene amagulitsa mota. Afunse kuti ndi mtundu uti umene pisitoni, koyilo ndi magiya ake zili pashelefu lero. Mota yotchipa ndi mametikali zikwi zingapo koma yopanda zida zake ndi yodula kuposa inzake.

Pamene chenicheni chasowa, chonamizira chimadzaza malo. Bokosi limakhala lokongola, dzina lodziwika, koma chitsulo cha m'kati n'chofewa. Sipuroketi yotere mano ake amapindika m'miyezi iwiri n'kudya tcheni yatsopano. Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama: kugula tcheni yokha n'kuiika pa masipuroketi akutha, kapena sipuroketi imodzi pa tcheni yotambasuka. Zitatuzi zimatha limodzi ndipo zimayenera kusinthidwa limodzi, ngakhale kuti thumba limakana. Oyilo nayenso akupha injini zambiri. Kilatchi ya mota imasambira mu oyilo wa injini, ndiye oyilo wina wa galimoto, kapena wothiridwa m'mabotolo a zakumwa wosadziwika kumene wachokera, amaichititsa kuterereka n'kupsa. Sefa ya mpweya ikang'ambika, fumbi la Sepitembala limalowa n'kupala silinda ngati msasa. Kale zolakwika zotere zinkatha ndi ulendo umodzi wa kushopu. Lero zikutanthauza mwezi wa pakhonde.

Amakaniko athu tiwayamikire. Akuwotcherera, akusula, akusema mabulashi, akuphatikiza mota ziwiri zakufa kuti imodzi idzuke. Popanda iwo theka la mota za m'maboma muno zikanakhala zitagona. Koma pali malo amene luso la kuwotcherera siliyenera kufika. Mabuleki omatidwa ndi guluu, tayala losokedwa ndi waya, foloko yakutsogolo yowotchereredwa, izi zimagwira pamalo athyathyathya popanda katundu. Pamtsetse wa ku Tsangano, ndi matumba awiri a mbatatesi ndi munthu pamwamba pake, zimasiya ntchito popanda kuchenjeza. Wokwera amene walipira ulendo sadziwa chimene chili pansi pake.

Chinanso choopsa n'chakuti kusowa kwa zida kumapatsa mbava msika. Mota yobedwa yathunthu imavuta kugulitsa chifukwa ili ndi nambala, koma ikaphwasulidwa usiku umodzi, koyilo ndi kabureta zilibe dzina la mwini. M'dziko muno ndi ku Malawi komwe takhala tikumva za anyamata a mototaxi ovulazidwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha mota zawo. Aliyense wogula injini yotchipa modabwitsa kwa munthu wosadziwika, popanda pepala lililonse, adzifunse kuti mwini wake ali kuti.

Pa nkhani yosiya ndalama kuti chida chiitanitsidwe, mwambowu suli woipa pawokha. Wogulitsa alibe mpamba wogulira chinthu chimene sadziwa ngati chidzatuluka. Koma mgwirizano wa pakamwa ndiwo ukudanitsa anthu. Pakhale lisiti lolembedwa dzina la chida, nambala ya injini, ndalama zimene zaperekedwa, mtengo wonse ndi tsiku limene ndalama zidzabwezedwe ngati katundu sanafike. Mtengo wonsewo ndi wofunika kwambiri, chifukwa mkangano wambiri umabuka katundu atafika, wogulitsa n'kunena kuti dola lakwera. Ndipo amene akulonjeza pa WhatsApp kapena Facebook kuti ali ndi chilichonse ku Beira kapena ku Nampula, bola mutumize kaye pa M-Pesa kapena e-Mola, muziwaopa ngati palibe munthu wodziwika amene anawaonapo maso ndi maso.

Kodi boma lingachitepo chiyani? Ena akuti metikali ingosiyidwa igwe kuti mzere wa kubanki uthe. Mzere ungafupikedi, koma feteleza, mafuta ndi masipeya omwewo zingakwere tsiku lomwelo, ndipo ife tili pafupi mokwanira ndi Malawi kuti tione zimene zinachitika kumeneko pambuyo pa Novembala 2023: mitengo inakwera, madola osapezekabe. Ena akuti misonkho ya zida za mota ichotsedwe. Zingatsitseko mtengo, koma kuchotsa msonkho sikubala dola, ndipo gawo lina la katundu wotchipayo lingangowolokera kutsidya la malire. Maganizo athu ndi akuti poyambira ndi kusintha mmene mota imaonedwera. Mu Ogasiti 2022, pa ndondomeko yofulumizitsa chuma ya PAE, boma linachotsa IVA pa zipangizo za ulimi zochokera kunja. M'maso mwa olemba malamulo, chipangizo cha ulimi ndi thirakitala, mbewu, feteleza ndi mpope wothirira. Koma pa alimi ang'onoang'ono a ku Angónia, ndi angati ali ndi thirakitala? Chimene chimatulutsa zokolola m'munda n'kuzifikitsa kwa wogula ndi mota ndi njinga yakapalasa. Ngati mabanki ali ndi mndandanda wa katundu woyenera kutsogozedwa popereka madola, matayala, matcheni ndi mabuleki a mota ayenera kukhalapo. Ndalama zake n'zochepa kwambiri poziyerekeza ndi za mafuta, ndipo petulo wolowetsedwa ndi madola ambirimbiri alibe ntchito mu thanki ya mota yopanda koyilo.

Mabungwe a boma amene amayang'anira malonda ndi ubwino wa katundu ali ndi gawo lawo pa zida zonamizira. Koma kulanda katundu pamsika wa kumudzi popanda kutseka pomwe akulowera kungangosiya shelefu yopanda kanthu, mlimi n'kubwerera ku guluu ndi waya. Ntchitoyo iyambire padoko ndi m'nyumba za ogulitsa mopikulitsa. Ndipo oitanitsa mota zatsopano akhoza kufunsidwa, asanapatsidwe chilolezo, kuti zida za mota zimene akugulitsazo azisunga kuti.

Zimene zili m'manja mwathu ndi zochepa koma zilipo. Magulu a mototaxi m'matauni athu amasonkha kale ndalama za maliro ndi za ngozi. Gulu la anthu makumi atatu oyendera mota za mtundu umodzi likhoza kuitanitsa matcheni, mabuleki ndi makoyilo pamodzi kwa wogulitsa mopikulitsa ku Tete kapena ku Beira, n'kutuma munthu mmodzi wodalirika pamodzi ndi makaniko wodziwa kusiyanitsa chitsulo. Wopikulitsa amamvera munthu wofuna zida makumi atatu kuposa wofuna chimodzi. Makalabu a alimi amene amagula feteleza pamodzi angathe kuchita chimodzimodzi.

Chomaliza ndi kalendala, ndipo ichi n'chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri. Mvula ya Disembala mpaka Malichi ndiyo imadya mabuleki, mabelingi ndi matcheni, chifukwa matope osakanikirana ndi mchenga amapala chitsulo. Ndi nyengo yomweyo imene misewu imaduka. Ambiri mukukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Ndiye mota zimatuluka m'dzinja zitatopa, nthawi yomwe ntchito yaikulu yonyamula chimanga, soya, nyemba ndi fodya ikuyamba mu Epulo. Zida zofunika pa nthawi imeneyo ziyenera kulipiridwa msanga. Chaka chatsopano cha ku China mu 2026 chinagwa pa 17 Febuluwale, ndipo mafakitale kumeneko amatseka milungu iwiri kapena kuposerapo, antchito atapita kwawo. Sitima za masabata oyandikira tsikulo zimadzaza msanga. Chaka chotero, katundu amene banki imakhala isanamulipirire pofika pakati pa Januwale amanyamuka mu Malichi, amatsika ku Beira chakumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, ndipo ku Ulongué amafika masikelo a ogula soya atapachikidwa kale.